Botolo limodzi, makomo atatu

Panali mayi wina, dzina lake Nangondo, wa dzanja lopatsa. Mnzake akapempha mchere, sefa kapena moto, iye ankangoti tengani.

Chaka china m'nyengo yozizira kusukulu kunagwa chifuwa. Chinali chouma, chosagonetsa mwana pamphasa. Mwana ankasewera nacho n'kupatsira anzake, anzakewo n'kupita nacho kumakwawo. Sekanawo, mwana wa Nangondo, anatsokomola masabata atatu. Kuchipatala anamupatsa botolo la mankhwala, amvekere, "Amwe masiku asanu, osadumphitsa."

Tsiku lachiwiri mwana anayamba kudya. Lachitatu anali akusewera fulaye pabwalo. Nangondo chimwemwe chinamusowetsa pokhala, mpaka anakaiwanditsa nkhaniyo kumjigo. Poona kuti m'botolo mwatsala, anathirirako mnansi wake m'kapu, mnansiyo n'kugawirakonso wina. Botolo limodzi linayenda makomo atatu, ana onse n'kupezako bwino. Amayi akamuona ankamuseleula kuti, "Afika adokotala athu, bwerani mutipime," iye n'kumayenda monyang'wa.

Mwezi usanathe chifuwa chinamubwerera Sekanawo, ulendo uno ndi befu, thupi lili moto. Kuchipatala anamupatsa mankhwala omwe aja. Anamwa masiku onse asanu, koma osasintha. Anamugoneka.

Dokotala atamva za botolo lija anati, "Mayi, tizilombo tofooka tinafa. Tolimba munatisiya tamoyo, taswana, ndipo tizilomboto sitikumvanso mankhwala aja. Tiyesa ena. Amenewa akakanika, pano tilibe achitatu."

Mwamwayi atsopanowo anagwira. Mwana anatuluka ndi mapiritsi a masiku asanu ndi awiri. Tsiku lachinayi m'mawa anali akuimba pakhonde, mayi ake akumuwombera m'manja, misozi ili lengelenge. Pomwepo anatulukira mlamu wake, Nasimelo, atabereka mwana wotsokomola.

"Alamu, ndamva kuti awa ndiye amphamvu. Tigawireniko awiri okha."

"Sindikupatsani."

"Mwayamba liti umbombo? Wanu si uyu akuimbayu? Kapena wangayu si mwana?"

Mawuwo anamulasa Nangondo, pakuti chibadwire anali asanamanepo munthu kanthu. Analowa m'nyumba, n'kutsekera mapiritsiwo m'sutikesi, n'kutuluka ndi chitenje chochapa.

"Mutsitseni mwanayo."

"Mukufuna mumutani?"

"Ndimubereke ine. Inu thamangani mukatenge buku lake lakusikelo. Tikafulumira tikapeza mzere usanatalike."

Anauyamba ulendo, Nangondo patsogolo, mlamu pambuyo akung'ung'udza njira yonse. Kuchipatala mwanayo anamuika pasikelo, anamupima m'chifuwa, n'kumupatsa mankhwala akeake olingana ndi thupi lake. Pobwerera Nasimelo sanathokoze. Anangoti, "Bweretsani, msana wanu watopa."

Sekanawo anamwa mapiritsi ake mpaka lomaliza, ndipo chifuwa sichinabwerenso.

Amayi anzanga, mwana akadzuka n'kuyamba kuthamanga, matenda amakhala asanathe. Mumalizitseni mankhwala ake onse monga anakuuzani. Chifuwa chimene mwachisiyira theka chimakalowa khomo lina chitakhwima, ndipo tsiku lina chidzagogoda panu. Mnzanu akabwera kudzapempha otsala, musamubweze chimanjamanja. Mapiritsiwo mumaneni, koma mumubwereke msana wanu ndi miyendo yanu.