Kompyuta ya Wyson ndi Vidiyo ya Kwaya

Pa Mpamba, kufupi ndi nyanja, panalibe munthu wosamudziwa Wyson. Anakhalako ku Joni zaka khumi ndi ziwiri, ku Dar es Salaam anapondako, ndipo pobwera anatsegula shopu yojambula ndi kukonza mavidiyo. Kompyuta yake anaimanga yekha, chitsulo ndi chitsulo. Ankaitcha Sitima. Aliyense wolowa kudzangochajitsa foni ankatuluka atamva mbiri yake yonse.

Lachisanu lina m'mawa kunafika a Ganizani, otsogolera kwaya ya anthu ogwira ntchito kumunda wa raba. Kwayayo inakonzekera mpikisano miyezi itatu, ndipo vidiyo yawo inkafunika ifike ku ofesi ya mpikisanowo ku Mzuzu, ili pa fulashi, isanakwane folo koloko tsiku lomwelo. Ntchito yodula ndi kulumikiza zithunzi inali itatha. Chotsala chinali chakuti kompyuta iumbe vidiyoyo, ntchito ya maola awiri.

"Maola awiri? Ada, amenewo ndi a makompyuta a ku tauni," anatero Wyson akudziguguda pachifuwa. "Sitima ikupatsani pa ola limodzi. Khalani pansi muone zomwe tinaphunzira kunja."

Analowa m'makonzedwe a m'kati mwa makinawo, nakankha liwiro la purosesa, ubongo wa kompyuta, kuchoka pa 3.6 kufika pa 4.7. Mafani oziziritsa makinawo anayamba kulira ngati injini ya boti.

Mayi Lyness, mphunzitsi wa makompyuta ochokera ku Dedza, anali pomwepo kudikira mapepala awo. Anasuzumira pa sikirini.

"Achimwene, nanga memori mwaisiya pati? Njira mwadzerayi ikukoka zonse ziwiri, koma timitengo tanu ta memorito n'takale. Purosesa ikamapempha zinthu mothamanga, memori izipereka zosweka. Bwezani pang'ono, mukweze zonse mogwirizana, muyese kaye."

"Madamu, zimenezo n'za pa bolodi. Ine ndinakonzapo makina a azungu ku Sandton, ku Joni."

"Inu a kunyanja ndinu muyenera kudziwa bwino. Khoka mukalikoka mbali imodzi, nsomba zimatulukira kuti?"

Anthu anaseka. Wyson anaseka kuposa onse, nadina batani.

Ndipo Sitima inanyamukadi. Mzere wosonyeza ntchito unkathamanga moti oyendetsa kabaza anasiya njinga panja kudzaonerera. Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo pakhonde. Mzere utafika pa 80 peresenti, sikirini inangoti buluu, zonse zii.

"Ndi magetsi amenewo," anatero Wyson, ngakhale babu linali chiyakire. Anawonjezera mphamvu yopita ku purosesa, nayambiranso. Ulendo uno ntchito inafika kumapeto, ndipo anakweza manja ngati wagoletsa chigoli. Koma atatsegula vidiyo, nkhope ya mayi woimba patsogolo inali timabokosi tobiriwira, ndipo mawu a kwaya ankadumphadumpha ngati minibasi pa msewu wokumbika.

A Ganizani anavula chipewa n'kuchifinya m'manja. "Bambo Wyson, anthu awa anapempha tchuthi kuntchito chifukwa cha lero. Nthawi ndi hafu thwelofu."

Wyson anatembenuka, mawu atatsika. "Madamu, tabwerani mundithandizeko."

Mayi Lyness anakokera mpando pafupi. Anatsitsa purosesa kufika pa 4.0, nabweza memori pa liwiro lomwe ikanatha kusenza, kenako anaumirira kuyesa makinawo mphindi makumi awiri. Wyson ankazungulira shopu ngati nkhuku yofuna poikira. Vidiyo inatuluka yoyera, mawu ake okoma, pa ola limodzi ndi mphindi makumi anayi. Koma dzuwa linali litapendeka, ndipo minibasi yomwe inali pa siteji inali isanadzaze.

Wyson anatseka shopu, nabwereka njinga yamoto, fulashi ili m'thumba la malaya. Anakwera zitunda za ku Mzuzu ngati wothawa moto. Anafika folo koloko itapitirira ndi mphindi khumi ndi zisanu, napeza mlonda akukhoma geti. Anafotokoza za Joni, anafotokoza za Dar es Salaam. Mlonda anangoloza chikalata cha pakhoma chonena kuti salandira vidiyo ikapitirira folo koloko.

Lamlungu lotsatira kwaya inaonera vidiyo yawo kutchalitchi, anthu naombera m'manja. Wyson anakhala pa benchi yakumbuyo osatchulako za Joni ngakhale kamodzi, chinthu chomwe Mpamba inali isanaonepo. Purosesa inathamanga yokha n'kusiya memori m'mbuyo, ndipo ulendo wonse unathera panjira. Akulu sananame: liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.