Chilolezo cha pa Tsamba la Shehe Bwanali

Tsiku lina pambuyo pa swala ya Asr, pemphero la chakumadzulo, Mayi Hawa Imedi, mphunzitsi wa madrasa ya amayi ku Ntaja, anafika kwa Shehe Bwanali. Anawapeza pakhonde akusoka nsapato yawo. Atapatsana salamu, mayiyo anatulutsa foni.

"Shehe, ndawerenga tsamba lanu la pa intaneti lonena za kasambitsidwe ka maliro. Pansi pake munalemba kuti aliyense angathe kukopera ndi kugawa, bola atchule mwini wake. Kodi ndamva bwino?"

"Mwamva bwino, mayi. Tengani, Allah akulipireni zabwino."

Mayi Hawa anakondwa, koma chimene chinawakwezetsa minibasi chinali china. Patsambalo panali linki, ndipo munthu akaidina ankamva mayi wachikulire akufotokoza m'Chiyao mmene amavekera sanda. Ophunzira awo ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo mwezi womwewo mtembo wa mayi wina unachedwa kuikidwa chifukwa chosowa wosambitsa.

"Ndiye mawu ajanso ndiwatenga, ndikawapereke ku wailesi ya kwathu. Si zonse zili patsamba limodzi?"

Shehe anaika singano pansi.

"Mawuwo ndi a Abiti Selemani a ku Nselema. Mdzukulu wawo ndiye anawajambula n'kuwaika patsamba lake. Ine ndinangoloza kumene ali."

"Komatu ndikadina amatseguka, Shehe. Palibe chotchinga. Nanga chilolezo chanu chimathera pati? Ndikufunsa kuti ndidziwe."

"Funso labwino. Inenso poyamba sindinkadziwa, ndinachita kukafunsa. Abiti Selemani anandiuza kuti analankhula ngati mayi kwa amayi anzake amene akufuna kuphunzira. Za wailesi, yomveka pamsika ndi m'mashopu, sitinakambirane."

Mayi Hawa anali atalonjeza kale ophunzira awo kuti Lachisanu adzamva mawuwo pa wailesi.

"Koma cholinga changa ndi chabwino," anatero motsitsa mawu.

"Sindikukayika," anayankha Shehe. "Mwinanso Abiti Selemani akavomera ndi mtima wonse. Koma chilolezo changa chimathera pamene pathera zolemba zanga. Ndikakulandirani pakhomo panga n'kukulozerani nyumba ya mnansi, sindinakupatseni za m'nyumbamo, ngakhale chitseko chili pululu. Zanga tengani lero lomwe. Za Abiti Selemani, pitani ku Nselema mukaodire."