Mbale yagalasi ya atelala

Atelala, mayi wodziwa kusoka, ankatha kuyeza chiuno cha munthu ndi maso okha, koma kutchula mtengo wa ntchito yawo kunkawaima pakhosi ngati fupa. Ukawafunsa kuti diresi asoka pa zingati, ankayamba kufunafuna singano yomwe ili kale m'manja mwawo, kenaka n'kunena chapansipansi kuti, "Mungondiganizira." Ena ankawaganiziradi, ambiri ankangothokoza n'kumapita. Eni ake ankati umenewo ndi ulemu, koma apabanja onse ankadziwa kuti ndi manyazi chabe.

Mng'ono wawo anali ndi mwana wamkazi wosayenda, amene ankamutcha Dona chifukwa cholamula aliyense m'nyumba. Dona anali atakula moti mayi ake akamubereka popita kusukulu, mapazi ake ankawagunda kuseri kwa mawondo, ndipo msana wa mayiyo unali utayamba kudandaula. Ndiye gulu la makolo a ana otere linakonza tsiku la malonda m'munda wa maluwa wa adokotala ena opuma pantchito. Pangano linali loti banja lililonse ligulitse kanthu. Likakwanitsa gawo lake, gulu liwonjezera zotsalazo, ndipo mmisiri wopanga zikuku, mipando yamatayala ija, amuyeza mwanayo tsiku lomwelo. Banja loperewera lidikira chaka chinacho.

Atelala anadzipereka kuti tebulo la banjalo likhala lawo. Dzulo lake anafinya mandimu mpaka zala kuchita makwinya, anasinja jinja, anaphika makeke a nthochi, khitchini yonse n'kununkhira. Akutsuka mbale yawo yagalasi, ija yotulutsira alendo okha, panalowa alamu awo, bambo ake a Dona, amene ankagwira ntchito ya ukondakitala m'basi.

"Alamu, nanga kapu imodzi tikuti zingati?" anafunsa akondakitala, dzanja lili kale pa keke.

"Siyani kekeyo. Zachifundo sizikhala ndi mtengo. Aliyense adzaponya m'mbalemu zimene mtima wake wamuuza."

"Mtima? Ine mitima ndimayenda nayo m'basi tsiku ndi tsiku. Ukapanda kuuuza mtengo, umangoyang'ana pawindo."

"Kumeneko n'kubasi kwanu kokuwirana. Uku kukubwera anthu aulemu wawo, sindingawakuwire ngati ndikugulitsa kaunjika."

Akondakitala anaseka, namaliza keke ija.  Atelala akakana, ngakhale ng'ombe ziwiri sizingawasunthe.

Tsikulo linacha bwino. Matebulo anawandandalika pakapinga, ndipo la atelala linali pansi pa mtengo wa mapeyala, nsalu yake yosita, zidebe ziwiri za madzi a mandimu zili ndi ayezi woyandama, mbale yagalasi ili pakati ngati mkwatibwi. Woyamba kufika anali mwini munda. Adokotalawo anamwa kapu imodzi, nayamikira, nafunsa mtengo.

"Mmene mtima wanu wafunira, bambo," anatero atelala, maso ali pansi.

Adokotala anatulutsa ndalama yapepala, ija yaikulu kuposa zonse, naiponya m'mbale. Inatambasuka pansi pa galasi, ikuonekera mbali zonse. Atelala anatembenukira alamu awo, amene ankanyamula mipando chapatali, nawakwezera nsidze. Mumtima anati, aone lero mmene aulemu amagulira.

Chisangalalocho sichinakhalitse. Anthu ankabwera ndithu, fungo la jinja likuwakoka. Ankayang'ana zidebe, n'kuyang'ana mbale, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti wina akuwaitana. Mayi wina anafika atafumbata kanthu m'dzanja.

"Kapu ndi zingati, mayi?"

"Mmene mtima wanu wafunira."

Mayiyo anayang'ana ndalama ya adokotala ija, dzanja lake lofumbata linabwerera m'thumba pang'onopang'ono. "Ndibweranso," anatero, nachoka osacheuka.

Dzuwa linafika paliwombo. Ayezi anasungunuka, makeke anayamba kuuma m'mbali. Pa tebulo loyandikana nalo mayi wogulitsa mbande za maluwa anali atatsala ndi miphika yowerengeka, pomwe mbale yagalasi inali ndi mlendo wake mmodzi yemwe uja. Atelala anayamba kukwiyira anthu mumtima kuti ndi ouma manja. Kenaka anaona bambo wina ali ndi ana awiri ataima patali pang'ono. Anawo ankaloza zidebe, bamboyo anasuzumira mbale ija, napukusa mutu, nawatsogolera kumpopi wothirira maluwa. Kumeneko anamwa madzi ndi manja, mmodzimmodzi.

Apa m'pamene atelala anazindikira. Anthuwo sanali ouma manja. Ankaopa kuti makobili awo alira m'galasi pafupi ndi ndalama ya adokotala, aliyense akuona. Pothawa manyazi awo, atelala anali atawasenzetsa ogula, ndipo manyazi akakumana ndi manyazi palibe chogulika. Atacheuka anaona mng'ono wawo ataima pamthunzi, akusuntha Dona kumsana, dzanja limodzi litagwira m'chiuno. Mng'onoyo sanawadzudzule, anangowamwetulira motopa, ndipo kumwetulirako kunawapweteka kuposa mawu. Mantha anawagwira. Chaka china chathunthu msana umenewo sukanapirira.

Anakodola akondakitala. "Alamu, bwerani mundikuwire. Pakamwa panu mpozolowera."

"Ayi, alamu, ine ndine wa kubasi kokuwirana," anatero akondakitala, akupukuta thukuta. Koma ataona kuti maso a atelala alengeza misozi, anatsitsa mawu. "Tebulo ndi lanu, anthu akufuna amve kwa inu. Chotsani galasilo, muike chitini. Mtengo ukhale woti bambo wa ana awiri asawerenge kawiri. Ine ndiima pambali panu."

Atelala anapinda ndalama ya adokotala naibisa m'thumba la epuloni. Anakhuthula mashuga otsala m'chitini, nachiika pomwe panali mbale.  Anakhosomola.

"Kapu makobili awiri," anatero, ngati akuuza nyerere.

"Mwati bwanji, mayi aakulu? Ine sindinamve," anatero Dona ali kumsana kuja.

"Ndati kapu makobili awiri, keke atatu!"

Mawuwo anamveka mpaka kumpopi, ndipo eni ake anadzidzimuka nawo. Thambo silinagwe. Palibe amene anawaseka. Bambo uja anabwera ndi ana ake, mayi wofumbata uja anatulukira ngati anabisala kuseri kwa maluwa, ndipo posakhalitsa panali mzere. Madziwo anali atafunda, koma dzuwa linali litawagwirira ntchito, pakuti aliyense anali ndi ludzu. Ena ankamwa kawiri, ena ankati chenji chikhale cha mwana. Akondakitala ankatsuka makapu, mng'ono uja akudula makeke atakhala pansi, ndipo atelala, amene m'mawa sankatha kutchula mtengo, tsopano ankaubwereza ngati nyimbo.

Dzuwa litapendeka zidebe zinali mbee. Atelala anapereka chitini kwa msungichuma wa gulu, pamodzi ndi ndalama ya adokotala ija, naimirira kudikira. Msungichumayo atamaliza ntchito yake anangogwedeza mutu, naitana mmisiri wa zikuku kuti adzayeze Dona. Atelala anakhala pansi pakapinga pomwepo, osasamala diresi, napuma mpweya wautali ngati munthu wotula mtolo. Mtima unakhala m'malo.

Mmisiri akuyeza miyendo ya mwanayo, mayi wogulitsa mbande uja anawayandikira.

"Ndamva kuti mumasoka. Kupinda siketi m'munsi mumachita zingati?"

Dzanja la atelala linayamba kupapasa pa epuloni kufuna singano. Akondakitala anakhosomola mwadala. Atelala anachotsa dzanjalo, namuyang'ana mayiyo m'maso, natchula mtengo wake, ndipo mayiyo anati abweretsa ziwiri.

Pobwerera kunyumba mbale yagalasi inanyamulidwa yopanda kanthu, Dona akuuza mayi ake kuti msana wawo waupatsa tchuthi. Zinangotsala pang'ono kuti mwanayo aberekedwe chaka china chifukwa cha mawu ochepa amene anakanirira pakhosi. Akuluakulu sananame ponena kuti mbewa yamanyazi inafera kuuna.