Kanjira Kokafika Pageti

Abale ndi alongo, ku Chilinde kunali bambo wina amene ntchito yake inali yoyala masilabu a simenti, aja amaumbiratu kenako n'kumawayala pabwalo kapena polowera galimoto. Anakongoletsa mabwalo a anthu ambiri, koma pakhomo pake panali dothi lokhalokha.

Chaka china mkazi wake anadwala sitiroko. Anachira ndithu, koma mwendo wamanzere ankachita kuukoka. Kuchokera pakhonde kukafika pageti panali pokumbikakumbika, ndipo atagwapo kamodzi anasiyiratu kutuluka. Lamulungu ankangomvera nyimbo za kutchalitchi ali pampando, milomo ikutsatira chapansipansi. Bamboyo akaona zimenezi, mtima unkamuwawa.

Tsiku lina anabwera ndi masilabu pa wilibala n'kuwaunjika pambali pa nyumba. Mayi uja anasangalala. "Ndiye kuti Lamulungu likubwerali ndipita?"

Mitambo inali itayamba kale kuda. Bamboyo akanatha kungoyala masilabuwo pamwamba pa dothi, njira n'kutha tsiku lomwelo, mkazi wake n'kusekerera. Anaganizadi zotero. Koma atayang'ana mmene phazi lija linkakwekwesera pansi, anatenga piki.

Anakumba. Anazula mizu ya mango. Anasinja dothi ndi chipika mpaka m'manja munatuluka matuza, anathira miyala, anasinjanso, kenako mchenga. Lamulungu linakwana asanayale silabu ngakhale imodzi, ndipo pakhomo panaipa kuposa kale.

Mayi analira. "Bambo a Tadala, kwa eni mumamaliza msanga. Ine mwangondikumbira dzenje."

Bamboyo anakhala pansi pafupi ndi mpando, nanyamula phazi lodwalalo, nalipukuta fumbi. "Eni aja amanyamula miyendo, mayi. Inu silabu ikangotukuka pang'ono, basi yakugwetsani."

Sabata yotsatira anayamba kuyala. Silabu iliyonse ankaigogoda, n'kuyendetsa chikhatho pamene yakumana ndi inzake. Chala chikakodwa, ankaizula n'kuyambiranso. Loweruka masana kunagwa chimvula chadzaoneni, koma panjirapo sipanatitimire paliponse. Lamulungu m'mawa mayi anavala chitenje chake cha kwaya, nayamba kuyenda pang'onopang'ono, osapunthwa, mpaka pageti. Atafika anacheuka, n'kuona mwamuna wake atangoima pakhonde, misozi ili m'maso.

"Nanga mwaimiranji?" anatero mayiyo. "Tichedwatu."

Okondedwa, ena mwa inu mwapemphera nthawi yaitali, koma mukayang'ana moyo wanu mukungoona pokumbidwa. Mumtima mukuti Mulungu amafulumira kwa ena, kwa ine ayi. Sanakuiwaleni. Iye akudziwa pamene muli ofooka kuposa mmene inu mukudziwira, ndipo sakufuna kukupatsani chinthu chofulumira chimene mawa chidzakugwetseni. Kuchedwa kwakeko ndi chikondi. Musiyeni amalize ntchito yapansi imene simukuiona, ndipo tsiku lanu likafika mudzayenda.