Zalimba Asiya Kalavani Yake

Panali munthu wina wokonza mijigo, dzina lake Zalimba. Ntchito yake inali ya pamsewu. Mjigo ukafa kumudzi wina, anthu ankatuma uthenga, iye n'kupita kukazula mapaipi ndi kusintha mphira zotha mpaka madzi atatulukanso. Ankatha mwezi wathunthu osaponda kwawo. Atakwatira n'kubereka ana, anaona kuti anawo akukula osazolowera nkhope yake. Ndiye anagula kalavani yakale kwa mlimi wina wa fodya, n'kuikonza ndi manja ake kuti pa tchuthi banja lonse liziyenda naye.

Sinali kalavani wamba. Inali yaitali ngati chipinda cha pasukulu. Inali ndi mabedi asanu ndi limodzi, pophikira, ndiponso mosungira zitsulo kumbuyo. Khosi lake linkakwera pamsana pa lole, n'kukhala pa chitsulo chachikulu chonga mbale, chopakidwa girisi. Kuti ziwirizi zigwirane, woyendetsa ankabweza lole pang'onopang'ono mpaka msomali wa kalavani utalowa m'malo mwake. Zalimba ankabweza, mkazi wake Nachisale ataima kumbuyo, akumulozera ndi dzanja. Anachita zimenezi zaka makumi atatu.

Akafika pamsika, anthu ankasiya malonda n'kuthamangira kudzaona. "Nyumba yoyenda ija yabwera!" ankatero. Zalimba ankatsika mosafulumira, n'kupukuta galasi limene linali loyera kale. Ankazikonda zimenezo, ndipo sankabisa.

Ana anakula, anayi onse. Woyamba, Lonjezo, anatsala m'nyumba ya kumudzi ndi banja lake. Enawo anamwazikana, wina kutawuni, wina kumpoto kumene anakwatiwa, wina kunja kwa dziko. M'midzi munaphuka amisiri atsopano a mijigo, ndipo uthenga woitana Zalimba unayamba kuchepa. Iye sanadandaule. Iye ndi mkazi wake anali atazolowera msewu, moti anangopitiriza kuyenda. Ankachezera ana ndi abwenzi akale. Akapeza mjigo wodwala panjira, Zalimba ankaukonza chifukwa chongoukonda. Moyo unkawakomera.

Koma thupi linali litayamba kunena zake. Khosi la Zalimba linauma, osatembenukanso bwino. Makutu analemera. Kupukusa miyendo ya kalavani kuti ikwere kapena kutsika kunkamutha mpweya, mwakuti ankapuma kawiri asanamalize. Nachisale naye mawondo ankamuwawa pa masitepe anayi achitsulo olowera m'kati. Pa mabedi a ana panadzaza matumba ndi mapaipi akale.

Tsiku lina akusesa, Nachisale anaima n'kugwira msana.

"Bambo a Lonjezo, nyumbayi yatikulira."

"Nyumba sikulira mwini wake," anayankha Zalimba. "Nanga adzukulu akafuna kuyenda nafe adzagona pati?"

"Anayenda nafe liti?"

Zalimba anatuluka kukapaka girisi pa chitsulo chija. Nachisale sanabwerezenso nkhaniyo, poti ankamudziwa mwamuna wake.

M'mawa wina wa mwezi wa chisanu anali pabwalo la mpira, pafupi ndi msika wina waung'ono. Anakhalapo sabata imodzi, ndipo tsikulo ankanyamuka. Zalimba analiza lole n'kuyamba kubweza monga mwa masiku onse. Nachisale anaima pamalo pake, dzanja m'mwamba. Kenako anaona kuti ndowa yake yatsala panjira ya tayala. Anawerama kuti aichotse, bondo n'kumukana, iye n'kugwa chammbali.

Anafuula kuti, "Imani!"

Zalimba sanamve. Anayang'ana pagalasi, dzanja silinaoneke. Anayesa kucheuka, khosi linakana. Mumtima anati mwina wangosuntha pang'ono, ndipo lole inapitiriza kubwerera.

Mayi wina wogulitsa nthochi ndiye anaona. Anataya dengu lake n'kuthamanga kukamenya chitseko cha lole ndi manja onse awiri. Zalimba anaponda buleki.

Atatsika anapeza ndowa itaphwanyika pansi pa tayala. Mwendo wa mkazi wake unali pomwepo, patsala mpata wongokwana chikhatho. Nachisale anadzuka mothandizidwa ndi mayi uja. Anasasa fumbi pachitenje, n'kuyang'ana chigongono chimene chinasupuka pang'ono.

"Ndowa yapita," anatero.

Zalimba anazimitsa injini. Anathandiza mayi uja kutola nthochi zake, n'kumuthokoza ndi mawu osamveka bwino. Atatero anakhala pa sitepe ya kalavani. Anakhala pomwepo mpaka dzuwa linafika pamutu. Anthu amene anasonkhana anabalalika mmodzimmodzi. Nachisale anaphika tiyi, n'kumupatsira, n'kukhala pambali pake.

"Nachisale," anatero Zalimba, "ndinayang'ana pagalasi, sindinakuoneni. Komabe sindinaime."

"Ndinaitana katatu."

"Sindinamve ngakhale kamodzi."

Anamwa tiyi wawo. Tsiku limenelo sananyamuke.

Pamsika womwewo panali mmisiri wina wa zigayo, munthu wa zaka zapakati, nayenso wa pamsewu. Iye anali ndi galimoto yaing'ono, yoposa minibasi pang'ono chabe. M'kati mwake munali bedi limodzi, kambaula ka gasi, ndi kabati yopapatiza. Inalibe chokoka kapena chomangirira, zonse zinali m'thupi limodzi. Mmisiriyo anali ndi mkazi ndi ana asanu, ndipo pa tchuthi ankapanikizana m'menemo ngati nkhuku m'chitete, ena n'kumagona panja pa lona. Sabata yonse ija ankazungulira kalavani ya Zalimba, akuisirira.

Kutacha, Zalimba anapita kwa iye.

"Achimwene, kalavani ija mumaiyang'anayang'ana. Mungaithe?"

Mmisiri anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala. "Abambo, ine ndi ndani kuti ndiyendetse nyumba yotere?"

"Ndikufunsa zoona. Khosi lanu limatembenuka?"

"Limatembenuka."

"Makutu amamva?"

"Amamva, abambo."

"Ndiye tengani lole ndi kalavani. Ine mundipatse kanuka."

Anagwirizana pamaso pa mboni, n'kukasintha mapepala ku boma monga mwa lamulo. Ena pamsikapo anati mdala wapusa, wasinthanitsa ng'ombe ndi mbuzi. Lonjezo atamva anaimba foni, mawu ali m'mwamba.

"Bambo, mwatani? Ife tonse tinakuliramo m'menemo!"

"Munakuliramo, n'kutulukamo," anatero Zalimba. "Dzana ikanapha amayi ako."

Lonjezo anapempha kuti alankhule ndi amayi ake.

Chotsala chinali kusamutsa katundu. Anatsitsa zonse n'kuziyala pansi pa mtengo wa mango, ndipo zinatenga masiku awiri. Zalimba anadabwa kuona zimene ankakoka zaka zonsezo. Panali mipando isanu ndi iwiri. Panali mabulangete odyedwa ndi njenjete, zipangizo za mijigo imene inasiya kupangidwa kalekale, matayala atatu otha. Pansi pa bedi lina panatuluka tinsapato ta mwana wawo wotsiriza ndi kope la masamu la Lonjezo. Nachisale anatenga tinsapatoto n'kutikulunga m'kansalu, osafunsa munthu.

Zalimba ankanyamula ichi n'kuchiika kumbali yopita, kunyamula icho n'kuchiikanso komweko. Mulu wopita unakula kuposa galimoto.

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada," anatero Nachisale. "Tiyeni titere. Chimene tachigwira chilekereni mvula, chilowe. Chinacho chitsale."

Anatero. Mipando iwiri inalowa, mbale zinayi, miphika iwiri yaing'ono, zovala, Baibulo, wailesi. Zotsala anagawira mkazi wa mmisiri ndi mayi wa nthochi uja, zina anatumiza kwa Lonjezo pa matola.

Pomaliza panatsala malo amodzi pafupi ndi chitseko, ndi zinthu ziwiri. China chinali makina owotcherera zitsulo a Zalimba. China chinali makina osokera a Nachisale. Anayesa kuziika chopingasa, anayesa kusanjikiza, koma chitseko sichinatsekeke.

Makina owotchererawo Zalimba anawagula asanakwatire. Ndiwo anamanga mabedi a m'kalavani, ndiwo anamupatsa dzina m'maboma anayi. Anaima patsogolo pake, manja kumbuyo.

"Tengani anuwo," anatero Nachisale. "Ine ndizisoka pamanja. Singano silemera."

Ananena ndi mtima wonse, ndipo Zalimba anadziwa kuti akanyamula makina ake sadzamva dandaulo lililonse. Anawerama n'kuvundukula lona imene inawaphimba. Pansi pake mavu anali atamanga zisa zitatu zadothi, ndipo zonse zinali zouma, eni ake atachoka kale. Waya wake unali utang'ambika ndi ukalamba. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anawayatsa, osalipeza.

Anayang'ana makina a mkazi wake. Pogwira dzanja utoto unali utatha, chitsulo chikung'anima. Pa singano panali pakulendewera ulusi wobiriwira. Anayang'ana kolala ya shati imene anavala, n'kupeza ulusi womwewo.

Zalimba anatsegula bokosi la zitsulo. Anasankhamo masipanala atatu ndi chogwirira mapaipi chimodzi, n'kuziika pansi pa mpando woyendetsera. Atatero anakumbatira makina osokera, n'kuwanyamula yekha, akupuma mwabefu, mpaka anawakhazika pamalo paja. Chitseko chinatsekeka.

Anaitana mmisiri uja n'kumulozera makina owotcherera. "Musinthe waya musanayatse. Akadali ndi moyo."

Mmisiri anagwada pang'ono n'kulandira ndi manja awiri.

Mmisiri ndi banja lake ndiwo anayamba kunyamuka. Zalimba anaima pamtunda, akuonerera munthu wina akubweza lole yake. Msomali unalowa ulendo umodzi wokha. Ana asanu anasuzumira pamawindo, akukanganirana mabedi. Kalavani inatuluka pabwalo, n'kukhota pamsika, anthu akusiya malonda kuti aione. Palibe amene anacheukira Zalimba. Mtima unamupweteka, ndipo sanayese kudzinamiza kuti sukupweteka. Anaima mpaka fumbi litakhazikika.

Polowa m'galimoto yaing'ono anagunda mutu pachitseko. Nachisale anaseka mpaka misozi. Zalimba anang'ung'udza kuti nyumba imeneyi anaimangira anthu afupi. Koma sitepe inali imodzi yokha, ndipo Nachisale anakwera osagwira bondo. Anakhala pampando wa pambali pa mwamuna wake, bedi lili kumbuyo kwawo pongotambasula dzanja. Panalibe chopukusa, panalibe chomangirira. Zalimba analiza injini, n'kupita.

Msewu unali womwewo umene anaudutsa kambirimbiri, koma tsikulo Zalimba anaona zinthu zimene sankaziona. Kale maso ake ankakhala pagalasi, kuyang'anira mchira wa kalavani pokhota paliponse. Tsopano anaona mapira akucha m'minda ndi tchalitchi chatsopano paphiri. Pachitunda chimene lole inkalira ngati ikufa, kagalimotoko kanakwera kakung'ung'uza nyimbo. Mapewa ake anatsika okha.

Masana anapatukira m'kanjira kopapatiza, n'kuima pamthunzi m'mbali mwa kamtsinje. Nachisale anawiritsa mbatata. Anatulutsa mipando yawo iwiri n'kudya mapazi ali pa udzu. M'galimotomo akadzuka onse pamodzi zigongono zinkagundana, ndiye anapangana kuti wina akaimirira, wina azikhala pansi. Zalimba anati iye asankha kukhala pansi masiku onse.

Atatha kudya anafunsa, "Pali chimene mwaiwala?"

Nachisale anaganiza. "Sefuliya yaikulu. Yapita ndi kalavani."

"Tiwatsatire? Sanafike patali."

"Kuti tiphikire ndani?"

Anayang'anizana, n'kuseka onse awiri. Nachisale anakatsuka kamphika kake kumtsinje, Zalimba anagona chagada pa udzu, chipewa kumaso. Panalibe chowathamangitsa. Dzuwa litapendeka anapinda mipando, n'kulunjika kumpoto kwa mwana wawo wamkazi.

Tsono inu amene imvi zayamba kukumerani, ndi inu amene zidzakupezani, mvetsani. Katundu amene munamunyamula muli ndi mphamvu anali wabwino pa nyengo yake. Analera ana anu, anakupatsani dzina, ndipo palibe akukuuzani kuti mumunyoze. Koma nyengo ikapita, kulemera kwake sikugwera inu nokha. Kumagweranso munthu amene amakukondani, amene sanena kawiri. Zalimba anachita mwayi kuti anataya ndowa yokha. Inu musadikire kuti wina agwe. Akakuuzani kuti chakukulirani, khalani pansi mumve. Tulani mukadali ndi manja otulira, ndipo mupatse amene msana wake ukadali wowongoka. Chimene chidzatsale chidzakukwanani.