Masamba Pamsewu wa kwa Mburundi

Patauni ina yaing'ono pankakhala bambo wina wa kabaza. Pafupi ndi pomwe ankaimika njinga yake panali kagolosale ka munthu wochokera ku Burundi. Sopo, mchere, machesi, anthu ankagula kwa iyeyo tsiku ndi tsiku, koma dzina lake palibe ankalidziwa. Ankangoti "Mburundi uja," ngati kuti mayi ake anaiwala kumutcha dzina.

M'mawa wina, mwana wa mlendoyo anamwalira. Kulira kwa mayi wa mwanayo kunamveka mpaka kumsika. Koma bambo wa mwanayo sankadziwa mwambo wathu woyala masamba pamsewu pakagwa zovuta. Anangokhala pakhonde pa nyumba yake, maso kunjira, kudikira anthu. Dzuwa linakwera, osabwera ndi mmodzi yemwe.

Wakabaza uja anafunsa anzake kuti, "Achimwene, kodi sitikakhuza maliro?"

Wina anayankha akupopa tayala, "Masamba mwawaona? Nanga ife tidziwa bwanji kuti kwagwa zovuta?"

Makutu anali nawo onsewo, abale anga, ndipo anali osagontha. Wakabazayo anachita mantha kuti akapita yekha, anzake amusala. Koma mtima unamuwawa. Anabwereka chikwanje, nasadza nthambi za mtengo wa mango, n'kuziyala pamsewu uku ndi uku monga timachitira.

Masamba aja anagwiradi ntchito yake. Anjinga ankatsika, azibambo ankavula zipewa, amayi ankasiya macheza n'kuyenda mwakachetechete. Aliyense ankafika kwa wakabazayo n'kunong'ona, "Watisiya ndani?"

"Mwana wa bambo wa pagolosale."

"Oo, wa Mburundi."

Chipewa n'kubwerera kumutu, mwendo n'kukwera njinga, pakati pa masamba pomwepo. Wakabaza uja anaima pamenepo mpaka dzuwa kuswa mtengo, akuyankha funso lomwelo, akuona misana ya anthu. Kenako anakankha njinga yake n'kukalowa pabwalo la namfedwa, navula chipewa, nakhala pansi pambali pake.

Namfedwa anamuyang'ana, nayang'ananso kunjira. "Bambo, ena akubwera m'mbuyomu?"

Wakabaza anafuna kunama, koma bodza linakana kutuluka. "Ndabwera ndine."

Anakhala awiriwo pabwalo lonselo, m'nyumba mayi akulira yekha popanda womuthandiza kulira.

Abale ndi alongo, anthu aja maliro ankawalemekeza ndithu, kufikira atamva mtundu wa womwalirayo. Tsankho lathu lilibe phokoso. Sitigenda munthu, sititukwana, timangovalanso chipewa. Pakamwa timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma tisanalire timayamba tafunsa kuti ndi Mlomwe, Mtumbuka, Mmwenye kapena Mburundi. Kumbukirani kuti Ambuye amene tamuimbira m'mawa uno anabadwa Myuda, ndipo ali khanda anathawira m'dziko la eni. Akanathawira patauni pathu pano, tikanamutcha "Myuda uja," ndipo Mariya akanalira yekha.