Nyali Zitatu pa Nkhope ya Mzamba

Ofesi yawo inali chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matayala, ndipo fungo la labala linkakwera masitepe limodzi ndi antchito m'mawa uliwonse. M'menemo ankapanga anthu a pa kompyuta, anthu osabadwa kwa mayi koma oti ukawaona pa sikirini umafuna kuwapatsa moni. Woumba nkhope anali bambo wachikulire amene onse ankangowatcha a Wosema. Iwo akamaliza, ntchito inkapita kwa mayi wina wa ana awiri, Wanyali, amene ankasankha kuwala koti kugwere pa nkhopeyo ndi malo oti azioneka kumbuyo kwake. Nyali zake zinali za m'kompyuta momwemo. Akaziika, makinawo ankatenga maola anayi kuti atulutse chithunzi chathunthu, ndipo pa ofesipo ankati chithunzi chikuphikidwa.

Chaka chimenecho kampani ina yopanga mafilimu a makatuni inkafuna gulu loti ilipatse ntchito ya zaka ziwiri. Inapempha chithunzi chimodzi chokha, cha mzamba wokalamba, kuti chifike Lachisanu isanakwane thwelofu masana. A Wosema anakhala pa nkhope imeneyo miyezi iwiri, kulemba khwinya lililonse ngati akusoka chovala chaukwati. Ng'ala inali itayamba kuwaphimba maso ndipo adokotala anali atawaletsa kale sikirini. Aliyense ankadziwa kuti iyi ndi nkhope yawo yomaliza.

Lolemba Wanyali anaika nyali imodzi yofewa kumanzere, ngati kuwala kolowera pawindo, ndi khoma lotuwa kumbuyo. Chithunzi chitapsa, onse anaunjikana pa sikirini. Mzambayo ankaoneka ngati wangosamba m'manja atalandira khanda.

"Basi, mwanawe," anatero a Wosema, nkhope ataiyandikiza pafupi ndi sikirini. "Ndi yemweyu. Usamukhudzenso."

"Ndamva, achikulire. Ndingoyesako kamodzi kokha."

Vuto linali loti sabata yomweyo abwana anali atagula phukusi la nyali ndi zakumbuyo zokwana mazana atatu, ndipo Wanyali anali ngati munthu wanjala amene wasiyidwa yekha mumsika. Lachiwiri anayesa kuwala kofiirira kwa dzuwa lopendeka, kumbuyo khoma la njerwa. Chinakoma. Lachitatu anayesa kuwala kozizira kwa m'chipatala, kumbuyo mashelefu a mabotolo. Nachonso chinakoma. Msana unkamuwawa, maso atafiira psuu, ana ake kunyumba akumuona ngati mlendo wodutsa, koma dzanja silinkachoka pa mbewa ya kompyuta.

"Mayi, tatumizani cha Lolemba chija tipume," anatero abwana, atatsamira chitseko. "Nane zandikwana."

"Abwana, taonani kaye nyali nambala sevente-foro. Mukaiona muiwala zonse."

"Dzulo munatero ndi nambala fifite."

Madzulo a Lachitatulo kompyuta inadandaula kuti yadzaza. Wanyali, mutu uli pa nyali ina yobiriwira, anafufuta mafayilo akale kuti apeze malo. Cha Lolemba chija chinapitira pomwepo, pamodzi ndi manambala onse a mmene anaimikira nyali yake. Sanauze munthu. Anadzitonthoza kuti chimene chikubweracho chiposa zonse.

Lachinayi linatha iye akungodumpha uku ndi uku, ndipo kusiya chimodzi kunkamupweteka ngati kuzula dzino. Lachisanu m'mawa anaganiza zoti asataye chilichonse. Anaika kufiira kwa dzuwa kumanzere, kuzizira kwa chipatala kumanja, nyali yoyera pamutu, ndipo kumbuyo anaunjikako njerwa, mashelefu ndi windo lamvula. Anadina batani nthawi ya seveni, n'kukhala pansi kudikira.

Chinapsa leveni itadutsa. Nyali zitatuzo zinali zitalimbirana nkhopeyo mpaka kuisalaza ngati mbale. Makwinya onse anamira m'kuwala, pansi pa mphuno panali mithunzi itatu yoloza kosiyana, ndipo diso la munthu linkathawira ku mabotolo a kumbuyo.

"Tumizani cha Lolemba, msanga," anatero abwana.

Wanyali anayang'ana pansi. "Kulibe. Ndinachifufuta."

Palibe anakalipa. Abwana anangokhala pa mpando, n'kuvula magalasi, n'kupukuta m'maso nthawi yaitali. Zoyesa za masiku enawo zinali zosaphika mpaka kumapeto. Kuphika china kunkafuna maola anayi, iwo anali ndi mphindi makumi anayi. Anatumiza chomwecho.

Yankho linabwera patapita sabata. Ntchito inapita kwa ena. Kalatayo inali yaulemu, koma munali mzere umodzi umene abwana anayesa kuudumpha powerenga, a Wosema n'kuwauza kuti abwerere. Unkati nkhopeyo ilibe moyo, ndipo zikuoneka kuti woumba wawo sanakhwime pa luso.

Wanyali anaimirira. "Achikulire, ndine ndalakwa. Ndiwalembera ndiwauze kuti nkhope inali bwino, ndinaipha ndine."

"Lemba ngati zikupepukira mumtima," anayankha a Wosema mofatsa, akulongedza kapu yawo ndi khushoni ya pampando m'jumbo. "Koma iwo anaweruza chimene anaona. Zaka makumi atatu ndagwira ntchito iyi, lero ndapuma ndili wosakhwima." Anaseka pang'ono, kuseka kosaonetsa mano, n'kutsika masitepe akupapasa khoma.

Wanyali anakhalabe pa ofesipo, chifukwa ana amafuna kudya ngakhale mayi awo atachita manyazi. Anzake awiri anachoka mwezi wotsatira posowa chochita, ndipo mipando yawo inangokankhidwira kukona. Masiku ano akaika nyali n'kuona kuti nkhope yadzuka, amasunga fayiloyo kawiri, n'kuchotsa dzanja pa mbewa, n'kupita pawindo kukayang'ana anyamata akupopa matayala. Nzeruyo anaigula mokwera, ndipo amene analipira kwambiri si iye. Akuluakulu sananame: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.